Mitanda ya ku Jeremani

Mtembo wa Maziko unapezeka Lolemba cha m'ma 8 koloko m'mawa, m'shedi ya kampani ina yomanga nyumba ku Coolock, mumzinda wa Dublin. Munali mu Januwale 2006, kukuzizira kolasa m'mafupa. Dalaivala wa lole ndiye anaupeza, utagona pakati pa mitanda yakuda bii, yakalekale.

Sajeni Lawson, wofufuza milandu wa polisi ya Dublin, anaimbira foni Inspekita Tupochele. Mayiyu anakalambira ku CID ya ku Blantyre, ndipo kuno anabwerera maphunziro a chaka chimodzi. Pakakhala Mmalawi pa mlandu, Lawson ankamuitana kuti adzamasulire, koma zoona zake ankafuna maso ake.

"Akuti wagweredwa ndi mtanda," anatero Lawson. "Ine sizikundilowa."

Tupochele anagwada. Maziko ankamudziwa: bambo wanthabwala amene ankachita maphunziro apamwamba a nyumba zakale. Kunkhongo kunali bala lalikulu, mtanda uli pambali. Koma maso anali otseka, pakamwa potseka, miyendo yowongoka, manja m'mbali, nsapato atazivula n'kuziika pamodzi.

"Wogweredwa ndi mtanda sagona chonchi," anatero. "Wina wamuwongola, monga timachitira ndi maliro kwathu."

"Ngakhale kuno timatero," anayankha Lawson. "Zimenezo sizikutiuza kuti ndani."

Dokotala anati munthuyo anafa Lamlungu masana, atamenyedwa ndi chitsulo.

Woyamba kumufunsa anali Jimmy, mwini kampani. Zaka zimenezo Dublin yense anali fumbi la simenti, aliyense wogwira njerwa akudzitcha bwana, ndipo Jimmy anali mmodzi mwa oterowo: wotchi ngati mbale, pakamwa posatseka. Anafotokoza kuti mitandayo inali ya nyumba ya m'tauni ina yaing'ono ku Jeremani, moyang'anizana ndi msika. Anaimanga wogulitsa nsalu zaka mazana asanu ndi limodzi zapitazo. Inapulumuka mliri, inapulumuka moto umene unanyeketsa msika wonse. Munakhalamo ophika buledi, kenako banja la Ayuda limene linatengedwa m'nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, osabwereranso. Zonsezo nyumba inapirira, mpaka kubwera kwa Jimmy, amene anaiphwasula kuti adzaimike malo omwera mowa ku Blanchardstown. Kalanga ine, anthu kusowa manyazi!

"Mbiri yonseyi anandiuza ndi Maziko yemweyo," anatero Jimmy. "Ndinamupatsa kiyi kuti alembe zoti tidzapachike pakhoma."

"Nanga ndamva kuti munakangana naye, munayambana chiyani?" anafunsa Lawson.

"Anapeza kuti lamulo la kumeneko limaletsa kugwetsa nyumbayo. Ankati akanena ku boma la Jeremani. Ndinamuuza kuti akatero kampani itsekedwa. Ndinakalipa, inde. Koma Lamlungu ndinali ku Spain."

Lawson anali atanola kale mano, koma a ku bwalo la ndege anatsimikiza kuti Jimmy anatera Lolemba masana.

Anatsala mlonda wa masana, Ambrosio. Apa mtima wa Tupochele unayamba kuwawa. Ambrosio ndiye anakamulandira ku bwalo la ndege tsiku limene anafika, namufunditsa jekete lake. Tupochele anagona m'nyumba mwake mwezi wathunthu asanapeze chipinda. Ankatchulana achimwene ndi achemwali, ndipo Dinah, mkazi wa Ambrosio, ankamuti alamu.

"Ndinaweruka four o'clock, achemwali," anatero Ambrosio, akutsokomola. "Maziko sindinamuone. Anali ndi kiyi wake. Za imfa ndamva Monday ngati wina aliyense."

Tupochele analemba, namukhulupirira, chifukwa ankafuna kumukhulupirira.

Lachitatu masana Amalawi ndi anzawo a ku Zambia anasonkhana kwa Ambrosio ku Blanchardstown kukhuza maliro, akudikira kuti apolisi apereke thupi lipite kumudzi. Pabalaza ankaimba nyimbo za Chikatolika chapansipansi poopa aneba. Tupochele anali kukhitchini, atanyamula Aggie, khanda la Dinah, mayi wake akutsuka makapu.

"Achimwene anuwa akundidandaulitsa, alamu," anatero Dinah. "Mukuchimva chifuwacho? Anachitenga Sunday. Munthu kuweruka ku shift, osalowa m'nyumba, kuima kuseri uko ati ndiwapatse madzi m'ndowa. Kusamba panja mu January! Aggie wakwawa kukawachingamira pakhomo, iwo, 'Chotsa mwanayo, asandikhudze.' Ati anagwira mankhwala ophera tizilombo m'mitanda muja."

"Sunday, alamu? Osati Monday?"

"Sunday. Ndinali nditangobwera ku Misa yamadzulo."

Kwathu munthu akagwira maliro salowa m'nyumba asanasambe, ndipo sakhudza khanda. Ambrosio anasamba tsiku limene Dublin yense sankadziwa kuti Maziko wafa.

Tupochele anatuluka panja n'kuimbira Jimmy. Mankhwala? Jimmy anaseka. Mitandayo anaithira mankhwala ku Jeremani isanakwere sitima. M'shedi munalibe ngakhale botolo.

Anaima pamenepo, foni ili m'manja. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, amatero akuluakulu. Lawson sakanaidziwa nkhani ya ndowa mpaka kufa kwake. Akangokhala chete, banja lomwe linamusunga likanatsala lamtendere. Koma ku Mulanje kunali mayi wa Maziko akudikira bokosi, osadziwa chimene chinadya mwana wake. Tupochele analira pang'ono, napukuta misozi, naimbira Lawson.

Lachinayi m'mawa Ambrosio anakhala m'chipinda chofunsira mafunso, Lawson pakona, Tupochele patsogolo pake.

"Achimwene, Sunday munasambiranji panja?"

"Mankhwala, achemwali."

"M'shedi mulibe mankhwala. Ndafunsa."

Ambrosio anayang'ana patebulo.

"Munamutseka maso. Munamuvula nsapato. Kenako munaopa kunyamula Aggie ndi manja omwewo. Ndikunama?"

Bamboyo anayamba kulira.

"Maziko anabwera cha m'ma three kudzajambula zizindikiro za akalipentala pa mitanda ija," anatero. "Ati ndi umboni womaliza, Monday atumiza ku Jeremani. Ndinamugwadira, achemwali, ine wamkulu kugwadira mwana. Ndinati, 'Work permit yanga ndi ya kampani ino yokha. Ikatsekedwa andithamangitsa, Dinah ndi mwana yemwe. Kumudzi ndinagulitsa munda kuti ndibwere kuno. Dikira chaka chimodzi chokha ndipeze mapepala ena.' Mukudziwa chimene anandiyankha? Ati nyumba imeneyi yaona anthu ambiri akuchotsedwa, tsopano achotsa iyo yomwe, wina ayenera kuiyankhulira. Nyumba! Matabwa! Nanga ine ndani andiyankhulire?"

"Kenako?"

"Anatembenuka kuti azipita. Chitsulo chokanulira mabokosi chinali pafupi. Ndinangomenya kamodzi." Anapuma movutikira. "Ndinagubuduza mtanda kuti zioneke ngati ngozi. Ndinafika mpaka pachitseko. Koma nditacheuka, anali atapindika ngati galu wogundidwa pamsewu, maso ali pamtunda. Mwana wa mwini, kutali ndi kwawo, wopanda mbale womuwongola. Sindikanatha kumusiya choncho."

Tupochele anamasulira liwu ndi liwu, osachotsa kanthu. Lawson analemba, nauza Ambrosio mlandu wake. Kampani ya Jimmy sinapulumuke ngakhale pang'ono: zithunzi za m'kamera ya Maziko zinali kale m'manja mwa apolisi.

Polandirira alendo kupolisiko panali Dinah, Aggie ali kumsana, m'manja muli botolo la mankhwala a chifuwa. Ataona Tupochele anamasula mwana n'kumupatsira, monga ankachitira masiku onse.

"Alamu, atuluka nthawi yanji? Sanamwe mankhwala m'mawa."

"Satuluka, alamu. Avomera kuti anapha Maziko."

Dinah anaseka kaye, kuseka kwa munthu amene sanamve bwino. Kenako nkhope inagwa.

"Anawaona ndani?"

"Palibe."

"Ndiye mwadziwa bwanji?"

Tupochele akanatha kunamizira dokotala kapena kamera. Koma mayiyu anali atamudyetsa mwezi wathunthu, ndipo bodza silinatuluke.

"Ndowa ija, alamu."

Dinah anaika botolo lija pa kauntala mosamala, natambasula manja onse awiri.

"Bweretsani mwana wanga, Inspekita."