Batani Limene Silinaiwale Dzina

Ntchito yanga ndi yosamala makompyuta a pa ofesi. Tsiku lonse ndimangolemba malamulo pa sikirini yakuda. Chifukwa cha ulesi, ndinakonza zoti ndikalemba zilembo zoyamba za dzina la bokosi la imelo n'kudina batani la Tab, kompyuta izimaliza yokha dzinalo. Ndinkanyada nazo zedi.

Chaka chatha abwana anandituma kufufuta bokosi la munthu wina amene anasiya ntchito. Ndinalemba zilembo, ndinadina Tab, ndinadina Enter, maso ali pa foni. Bokosi limene linapita linali la bambo wachikulire wosunga katundu, amene tonse tinkawatchula kuti Amalume. Mwakachetechete ndinawakonzera lina lopanda kanthu.

Sabata yomweyo chipinda cha katundu chinapsa. Amalume anati analembera abwana katatu kuti mawaya akuthetheka. Abwana anakana kwamtuwagalu. Ine ndinaitanidwa.

"Mwanangu, tsegula bokosi langa aone," anatero Amalume.

"Mulibe kanthu, Amalume."

Ndinaopa kutaya ntchito, ndiye amene anachotsedwa ntchito ndi Amalume. Bokosi lawo ndinalitsekeratu. Patapita miyezi inayi tinamva za maliro awo, ndipo sindinapite.

Lachinayi lina anthu ataweruka, ndinatsala ndekha kumalizitsa zina. Kunja kunali kutangoyamba mdima. Panjira yapakati pankamveka chidebe cha mayi wokolopa, amene anali watsopano pa ofesipo.

Ndinalemba zilembo za bokosi la abwana. Ndinadina Tab. Panatuluka dzina la Amalume.

Ndinafufuta zilembozo. Ndinayesa la wolandira alendo. Tab. Amalume. Ndinafufuza pa mndandanda wa mabokosi onse, ndipo dzina lawo munalibe. Ndinachotsa manja pa mabatani n'kuwaika pamiyendo.

Batani linalira lokha. Kamodzi. Dzinalo linadzilemba.

"Odi, achimwene," anatero mayi uja ali pakhomo. "Ndikolope, kapena ndidikire alendowo apite?"

"Alendo ati?"

"Bambo aima kumbuyo kwanuwo. A magalasi omanga ndi ulusiwo." Anasuzumiranso, n'kuseka mwamanyazi. "Kaya atulukira kuti."

Amalume ankamanga magalasi awo ndi ulusi wakuda. Sindinacheuke. M'chipindamo munkamveka fungo la waya wopsa.

Ndinadina Enter. Bokosi linatseguka. Munali makalata atatu aja onena za mawaya, masiku ake ooneka bwino. Pansi pake panali yachinayi, yolembera ine, ya tsiku limene anawachotsa ntchito.

"Mwanangu, ndikudziwa sunachite dala. Ungowauza basi. Ana anga akuganiza kuti bambo awo ndi abodza."

Makina osindikizira anali pambali pangapa, mapepala alimo. Ndinaganiza za nkhope ya abwana. Ndinaganizanso za mkazi wanga, amene anali woyembekezera.

Kuyambira tsiku limenelo dzina lililonse ndimalemba lonse, chilembo chimodzichimodzi. Anzanga amandiseka kuti ndakalamba msanga. Okolopa amanong'onezana kuti m'chipinda changa batani limalira lokha madzulo, ndipo amati ndi makoswe kapena mizimu ya magetsi.

Poyamba paja ndinafufuta bokosi la Amalume mosaona. Madzulo a Lachinayi lija ndinawerenga dzina lawo kawiri, pang'onopang'ono, kenako ndinafufutanso bokosilo.