Ludzu la Simenti

Dzuwa linaswa mtengo tsiku limenelo, kopanda ngakhale kamphepo. A Chete anaima pakhomo la kalasi yatsopano, maso ali pansi. Simenti yonse inali itang'aluka, ming'alu itayenda ngati mizu kuchokera pakhomo mpaka kukhoma.

Chaka chimenecho zinthu zinali zitathina. Fakitale ya nsapato itatsekedwa, masitolo nawonso anayamba kutseka posowa ogula. Ndiye boma linatulutsa ndalama zomangira makalasi ndi milatho, kuti anthu apeze ntchito ndipo malonda adzukenso. Khomo lililonse linaloledwa munthu mmodzi. A Chete, omwe anapatsidwa dzinali chifukwa chosakonda kuyankhula, anagwera ntchito yothirira. Simenti yatsopano imafuna madzi m'mawa ndi madzulo, apo ayi imauma mothamanga n'kusweka.

Kapitawo anagogoda pansipo ndi chidendene, kachidutswa n'kutumphuka.

"Anasakaniza ndani zimenezi?"

"Ndine, bwana," anayankha a Nthabwala, oyandikana nyumba ndi a Chete. "Koma ming'aluyo ndi yaulere, sitilipiritsa."

Palibe anaseka.

"Mwaba simenti, mwachulutsa mchenga," anatero kapitawo. "Siyani fosholoyo, muzipita."

A Nthabwala anayesa kulumbira, koma kapitawo anali atatembenuka kale.  A Chete ankadziwa kuti vuto silinali mchenga. Kumapeto kwa sabata yapitayo, kapitawo kulibe, galimoto ya madzi inali itadzaza mgolo wothirira simenti. Kuseri kwa nyumba yawo tomato anali atafota. A Chete anagubuduza mgolowo kupita nawo kudimba, akudziuza kuti simenti ilibe mizu, singafe.

Masiku anapita. A Chete ankathirira kalasi yachiwiri mpaka madzi kusefukira.

Tsiku lina madzulo a Nthabwala anasuzumira pampanda. Anali ataonda, koma pakamwa panali pomwe paja.

"Achimwene, tomato wanuyu wanenepa ngati kapitawo. Mumamumwetsa chiyani? Tigawireniko awiri, kunyumba mphika ukutiyang'ana."

A Chete anathyola osawerenga, nadzaza dengu mpaka pakamwa.

"Yenseyu? Kodi mukufuna kundifunsira?" anaseka a Nthabwala. "Mulungu akudalitseni. Anthu ena masiku ano akandiona akumabisa makasu awo."

Atachoka, a Chete anapeza mwana wawo wamkazi ataima pakhonde, akadali mu yunifolomu ya sukulu. Anali atamva zonse.

"Bambo, mwana wa a Nthabwala sakubweranso kusukulu. Anzathu akumamutcha Thumba la Simenti."

"Ana ndi ana. Aiwala."

"Mgolo uja tinakankha awiri," anatero mtsikanayo motsitsa mawu. "Akamamunena, ine ndimangoyang'ana m'buku. Dzulo nditakumana naye panjira anandifunsa chifukwa chake sindikumuyankhula."

A Chete anakhala pansi pa sitepe. Anayang'ana manja awo, obiriwira ndi masamba a tomato. Anaganiza za mzere wa anthu omwe ankaima pageti la kuntchito m'mawa uliwonse, kudikira kuti wina achotsedwe. Iwo atachotsedwa, malo awo sakanatha ngakhale tsiku ali opanda munthu.

"Ndikakanena, ntchito yatha," anatero. "Khomo lino ndi munthu mmodzi, ndiye ndine. Udzadya chiyani?"

"Tomato," anayankha mwanayo. Sanaseke.

A Chete anakhala pomwepo mpaka udzudzu unayamba kuluma. Kuseri kwa mpanda kunkamveka mkazi wa a Nthabwala akuitana ana kuti adzaone zomwe aneba abwino awapatsa.

M'mawa mwake a Chete anagogoda kwa a Nthabwala, nawauza kuti avale nsapato za kuntchito. Kenako anatsogola, kulunjika ku ofesi ya kapitawo.