Mvuu ya Phazi Long'aluka

Ku Makhanga, nkhondo ya Jeremani itangotha kumene, kunali nyumba imene Satana ankailambalala ngati galu wothiridwapo madzi otentha. Inali ya bambo Elisha ndi mayi Evelesi. Bambowo akayamba pemphero la m'mawa, ng'ona za mu Shire zinkatseka kukamwa kudikira Ameni. Mayiwo anali ndi mtondo waukulu, wong'aluka kunsi kwake mng'alu wa mphanda ngati phazi la nkhuku. Akamasinja, anthu a ku Chiromo ankathamangira kudooko poyesa kuti sitima yafika.

Mwana wawo Paison anali ndi mutu wakuthwa koopsa. Pasukulu ya mishoni ankawerenga mothamanga mpaka zilembo kupempha kuti zipumeko.

Tsiku lina aphunzitsi a Gideon anatsalitsa anyamata akuluakulu.

"Zakutsalirani zaka ziwiri pano. Mukatsiriza mudzalowera kuti? Tomasi, yamba ndiwe."

"Ntchito ya chipatala, aphunzitsi. Kutsuka zilonda."

"Nanga iwe Paison?"

"Ukalaliki. Wa jekete ndi nsapato."

Anzake anaseka, koma aphunzitsi ayi.

"Zonsezo zimaphunziridwa ku sukulu yaikulu, kumapiri uko, ndipo atipatsa malo amodzi okha. Dzina la wopitako ndidzalitchula chaka chino. Koma kumeneko sadya zilembo, wopita amasenza chimanga chake. Madzi akayamba kuphwa, aliyense atenge ndime kudimba, alime yekha. Ndidzaona mutu, ndidzaonanso munda."

Ulimi wa kudimba uli ndi lamulo lake. Shire akasefukira n'kuyamba kubwerera, umamutsata m'mbuyo ndi mbewu, kubzala m'dothi lidakali ndi chinyontho. Ukachedwa, dzuwa la kuchigwa kuno, lija limawotcha dzira likadali m'mimba mwa nkhuku, limaumitsa dothi kukhala mwala.

"Mwananga, madzi ayamba kuthawa," anatero bambo Elisha. "Mnzako Tomasi wabzala kale."

"Mawa, bambo."

Koma mawa lakelo linkamupeza kudooko. Kumeneko kunali Sebastiano, munthu wopakira nkhuni m'sitima, wa chipewa chopendekeka ndi botolo la nipa, kachasu woti dontho likagwa pansi udzu sumeranso mpaka zidzukulu.

"Shamwali, manja osalala ngati amenewa n'kumakanda matope?" anatero Sebastiano. "Kalaliki sanunkha thukuta. Lawa pang'ono, mutu utseguke."

Paison analawa, natsokomola mpaka misozi.

"Pyadidi, zabwino zedi! Tsopano ndiwe mwamuna."

Tsiku lotsatira sanatsokomole. Mlungu usanathe ankachita kuitanitsa yekha.

"Paison, ukununkha chiyani?" anafunsa mayi ake.

"Utsi wa sitima, amayi."

"Sitima imeneyo idzakutula poipa. Khasu lako lamera dzimbiri."

Pamene ankafika kudimba ndi mbewu, ndime yake inali itang'ambika ming'alu yoti mbuzi n'kugweramo ndi mwana wake. Anabzalabe. Chimanga chinatuluka ngati singano, chinaona dzuwa, chinafa. Pafupi pomwepo cha Tomasi chinali bii, chilichonse chonenepa ngati ntchafu ya munthu, ndipo mwini wake ankagona mumsasa kuchilondera.

Paison anayamba kuonda ndi nsanje. Malo ndi amodzi, munda alibe.

"Ukulira chiyani?" anatero Sebastiano. "Minda yonse iwiri ikakhala yopanda kanthu, aphunzitsi adzasankha mutu. Mutu uli ndi ndani?"

"Koma wa Tomasi uli ndi chimanga."

"Lero. Kodi mvuu inaimbidwapo mlandu? Lamulungu mnzakoyo amachoka mumsasa kupita kutchalitchi. Iwe bwera ndi mtondo wa amayi ako, ine ndibwera ndi bwato. Chimangacho chisanduke nipa."

Paison anakumbuka kuti Tomasi ankamugawira mbatata pasukulu. Kenako anakumbuka jekete.

Lamulungu anadzigoneka, ati mutu ukuwawa. Makolo atapita kukapemphera, anasenza mtondo kulowera kudimba. Nyimbo zikumveka kutchalitchi, awiriwo anathyola chimanga, anagwetsa mapesi, anadzaza bwato mpaka madzi kufika m'milomo. Kenako Paison anadinda mtondo m'matope, kuchokera kumtsinje kulowa m'munda, namakanda zala ndi kamtengo kutsogolo kwa dindo lililonse. Atamaliza anautsuka, naubwezera pakhonde.

Masana kulira kwa Tomasi kunamveka mpaka tsidya lija. Mpingo wonse unathamangira kudimba ndi zovala za kutchalitchi. Paison anafika nawo, atamanga nsalu kumutu.

"Mvuu!" anafuula msanga. "Taonani mapazi!"

Bambo Elisha anazungulira munda, akununkhiza.

"Mvuu yaulemu iyi," anatero. "Yadya munda wonse osamwaza ndowe ngakhale pang'ono."

Mayi Evelesi anali atagwada pa dindo limodzi, akulitsata ndi chala. Pakati pake panali mzere wa mphanda, ngati phazi la nkhuku. Anayang'ana lachiwiri, momwemo. Lachitatu, momwemo. Anakumbukanso kuti pofika kunyumba anapeza mtondo uli wonyowa, mvula isanagwe.

Anadzutsa maso. Paison anawayandikira.

"Amayi, tiyeni kunyumba," ananong'ona. "Dzuwa likupwetekani."

"Khala chete."

"Amayi, chonde. Ndine mwana wanu."

Kumbali kuja Tomasi anali atakhala pansi, akutola mapesi othyoka ngati angathe kuwadzutsa.

"Aphunzitsi," anatero mayi Evelesi, "mvuu imeneyi imagona pakhonde panga. Tumani munthu akatenge mtondo wanga."

Mtondo unabwera. Atauika pa dindo, unalowa ndendende ngati chivundikiro pa mphika wake.

"Mwananga," anatero bambo Elisha, "khomo silinatsekeke. Gwada, upepese kwa mnzako ndi kwa Mulungu. Chimanga ndibweza ine. Shire adzasefukiranso, udzabzala pa nthawi yake."

"Ukatero, ndidzakudikira," anawonjezera aphunzitsi.

Paison anayang'ana maso onse aja. Bondo linafuna kupinda, khosi linakana. Anatembenuka, liwiro la kudooko.

Sebastiano anamulandira ndi manja awiri. "Usadandaule, shamwali. Kunsi kwa mtsinje, dziko la Apwitikizi, akufuna makalaliki ambirimbiri." Anapita naye, nakamusiya m'manja mwa olemba anthu a m'minda ya nzimbe, iye n'kusowa ngati utsi. Cholembera chimene anam'patsa Paison kumeneko chinali chikwanje.

Bambo Elisha anakhuthula nkhokwe yawo kubwezera Tomasi, ndipo chaka chimenecho banja lija linadya nyika, mizu ya m'dambo ija. Tomasi anakwera kumapiri. Mayi Evelesi sanasinjirenso mumtondo uja.

Patapita zaka, pa kachipatala ka mishoni panafika munthu woonda ngati bango, mano atatha ndi nipa, pamwendo pali chilonda choti nkhuku n'kuikiramo mazira. Wotsuka zilonda, wa malaya oyera, anagwada nayamba kumasula nsanza. Anayang'ana nkhope ija kanthawi.

"Paison?"

Munthuyo anawerama mutu.

"Makolo ako anapita onse awiri. Amayi ankakufunsa mpaka tsiku lomaliza." Tomasi anaviika nsalu m'madzi ofunda. "Gwira apa, ziwawa. Chinakuluma n'chiyani?"

"Mvuu," anatero Paison, nayamba kulira.

Ana inu a sukulu, musati zaka ziwiri n'zambiri. Unyamata ndi chinyontho cha kudimba, suyembekeza munthu. Ulesi umaitana mowa, mowa umaitana kuba, ndipo tchimo lililonse limasiya dindo loti ngakhale mayi wako sangalifafanize. Mukagwa, gwadani pomwepo, khomo lidakali lotsegula. Paison sanawonongedwe ndi mtondo, anawonongedwa ndi bondo lokana kupinda.