Chisoti cha Mabowo cha Tionge

Tionge anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Chilomoni ndi amayi ake. Tionge ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kukwera chombo cha mumlengalenga.

Chombocho sichinali kutali. Chinali kuseri kwa galaja ya a Venansio, amakaniki. Akuluakulu ankati ndi minibasi yakufa. Inalibe matayala. Inalibe injini. Inangokhala pa njerwa, phee. Koma ana ankadziwa zoona. Chinali chombo. Dzina lake linali Michiru Wani.

Mwini masewera anali Ramsey, mwana wa a Venansio. Ramsey anali ndi kope lofiira. M'kopemo munali malamulo onse. Akangolitsegula, chaka chinkasanduka 2300.

Mwana aliyense anali ndi ntchito yake. Zeinabu anali woyendetsa. Ramsey anali kondakitala. Tionge anali dokotala wa m'chombo.

"Loweruka tikunyamuka," anatero Ramsey. "Tikupita ku Dziko Lofiira. Tamvani malamulo."

Anatsegula kope lija.

"Lamulo loyamba. Kumwamba kulibe mpweya. Aliyense avale jombo, magolovesi, mabotolo a mpweya ndi chisoti. Wopanda chisoti sakwera."

Ana onse anagwedeza mitu.

"Lamulo lachiwiri. Chombo sichinyamuka chisanadzaze."

Lamulo ili palibe anadabwa nalo. Kodi minibasi ya ku Chilomoni inanyamukapo isanadzaze?

Tionge anathamangira kunyumba. Mtima wake unkavina.

Jombo anali nazo, zija za mvula. Magolovesi anapanga ndi masokosi akale. Mabotolo a mpweya anali mabotolo awiri a madzi. Anawabereka kumsana ndi chitenje, ngati mapasa.

Jombo zilipo. Magolovesi alipo. Mabotolo alipo. Nanga chisoti?

Tionge anapeza jumbo yoonekera mkati. Anaikweza m'mwamba kuti aivale.

Amayi ake anali pakhomo. Amayi a Tionge anali ndi maso ngati anayi. Ankaona msomali usanabaye. Ankaona galu asanauwe.

"Tionge, leka pomwepo."

Analanda jumbo ija. Anagwada, namuyang'ana m'maso.

"Jumbo sitivala kumutu, mwanangu. Imatseka mphuno ndi pakamwa. Munthu sapuma. Ngakhale posewera, ayi. Wamva?"

"Ndamva, Amayi."

Tsiku lotsatira Tionge anatenga ndowa. Anaivala kumutu. Munali mdima bii. Anayenda kamodzi. Anayenda kawiri. Gu, anagunda chitseko.

"Ndowa ayi," anatero amayi. "Suona kumene ukupita. Ugwera mu ngalande."

Tsiku linanso Tionge anatola katoni kugolosale. Inali katoni yabwino. Inkakwana bwinobwino. Amayi anaitenga. Anaitembenuza. Anainunkhiza.

"Iyi munali mankhwala a mphemvu. Katoni iyi ayi."

Jumbo ayi. Ndowa ayi. Katoni ayi.

"Amayi, inu chilichonse ndi ayi basi," anatero Tionge. Mawu ake anali aang'ono.

Amayi anamusisita mutu.

"Ndipezere chisoti choti uzipuma bwino. Choti uziona bwino. Chimenecho ndidzati eya."

Lachisanu linafika. Chisoti panalibe. Tionge anakhala pakhonde, atagwira tsaya.

"Tionge, tandipatsira anyezi," anaitana amayi.

Tionge analowa m'khitchini. Anyezi ankakhala m'kabasiketi ka pulasitiki. Kanali kobiriwira. Kanali kozungulira. Kanali ndi mabowo ponseponse.

Tionge anakayang'ana. Anakayang'ananso. Kenako anakhuthula anyezi onse patebulo. Anavala kabasiketi kumutu.

"Amayi, taonani."

Amayi anayandikira. Anayendetsa chala m'mphepete mwake. Panalibe pakuthwa.

"Ukupuma?"

"Ndikupuma."

"Ukundiona?"

"Ndikukuonani."

"Zala zanga ndi zingati?"

"Zitatu."

Amayi anapumira m'mwamba. Kenako anamwetulira.

"Eya."

Tionge analumpha. Mabotolo kumsana anati kwee kwee. Amayi anatsuka kabasiketi ndi sopo. Anakatsukanso kachiwiri. Tionge ankafuna mlongoti wa wailesi pamwamba pake. Anabweretsa waya.

"Waya ayi. Ungabaye mnzako m'diso."

M'malo mwake anamangirirapo supuni ya pulasitiki. Inaima njo. Chinali chisoti chenicheni.

Loweruka linacha ndi dzuwa. Tionge anavala zonse. Jombo, magolovesi, mabotolo, chisoti.

"Ndikuperekeza," anatero amayi. "Sindilowerera ayi. Ndingoima patali."

Kugalaja kunali ana ambiri. Ena anavala makatoni. Wina anavala poto wakale. Ramsey anaima pachitseko cha chombo ndi kope lake. Ankayang'ana aliyense asanalowe.

Tionge anafika pachitseko. Ramsey anazungulira chisoti chija. Analowetsa chala pabowo.

"Ichi ndiye chiyani? Mabowo okhaokha. Mpweya wonse uthawira pamenepa. Sukwera."

"Dokotala wa anyezi," anatero mnyamata wa poto uja. Ana anaseka.

Tionge anabwerera m'mbuyo. Anayang'ana kumpanda. Amayi anali pomwepo, atagwira chitenje pachifuwa. Anaponya phazi limodzi kutsogolo. Kenako analibweza. Analonjeza kuti salowerera.

Ramsey anayamba kuitanira.

"Dziko Lofiira, Dziko Lofiira! Anayi anayi pampando. Sunthani kumbuyoko, bwana."

Ana anasuntha. Anathinana. Ramsey anasuzumira mkati. Mipando iwiri inali yopanda anthu.

"Tiye tizipita," anatero wa poto.

"Sitinadzaze," anayankha Zeinabu, manja ali pachiwongolero. "Ine sindiliza injini. Lamulo lachiwiri."

Ramsey anaitanira kumsewu. Sikunabwere munthu. Anaitaniranso. Kunangodutsa nkhuku.

Anadikira. Dzuwa linakwera. M'makatoni munayamba kutentha. Thukuta linali chuu. Koma Tionge, ayi. Kamphepo kankalowa pa mabowo a chisoti chake.

Tionge anaganiza. Kenako anabwerera pachitseko.

"Ramsey, m'kope lakolo ndi chaka chanji?"

"2300."

"Ndiye sukudziwa? Mu 2300 muli galasi losaoneka. Bowo lililonse pano ndi kazenera. Mpweya wa munthu sutuluka. Kutentha kokha ndi kumene kumatuluka."

Ramsey anatsegula masamba a kope.

"Zimenezo mulibe muno."

"Ndiye lemba, iwe," anatero Zeinabu. "Tikupsa muno ngati mbatata. Komanso tipita bwanji opanda dokotala?"

"Lemba, lemba, lemba," anaimba ana onse. Ngakhale wa poto anaimba nawo.

Ramsey analuma pensulo. Anayang'ana mipando iwiri ija. Kenako analemba. Anawerenga mokweza.

"Lamulo lachitatu. Chisoti cha mazenera ndi chololedwa. Lowani, adokotala."

Tionge analowa. Anakhala pampando. Miyendo yake inkasewera yokha.

"Watsala mmodzi," anaitanira Ramsey. "Mmodzi yekha, chombo chinyamuke."

Kumsewu kunalibe mwana wina. Tionge anatulutsa dzanja pazenera.

"Amayi, bwerani."

"Ine?" Amayi anacheuka, ngati kumbuyo kwawo kuli amayi ena. "Ine ndilibe chisoti."

A Venansio anatuluka m'galaja akuseka. M'manja anali ndi chisoti cha njinga yamoto.

"Nachi, mayi a Tionge. Tathandizani ana. Akhala pa siteji kuyambira m'mawa."

Amayi analandira chisoti. Anachinunkhiza. Anachipukuta mkati ndi chitenje. Kenako anachivala pamwamba pa duku.

"Ntchito yanu ikhala yotani, Amayi?" anafunsa Ramsey. "Aliyense ali ndi ntchito."

"Amayi anga amaona chilichonse," anatero Tionge. "Akhale oyang'anira chombo."

Ramsey analemba m'kope. Amayi anayamba ntchito nthawi yomweyo. Anapeza msomali pansi pa mpando. Anautaya kunja. Anamasula chingwe chothina pakhosi pa wa poto. Anakulitsa mabowo a makatoni onse.

"Ukupuma?" amayi anamufunsa mwana woyamba.

"Ndikupuma."

"Iwe, ukupuma?"

"Ndikupuma."

"Mazenera onse akhale otsegula. Chitsekonso chisatsekedwe."

"Koma kumwamba kulibe mpweya, Amayi," anatero Ramsey.

"Pali galasi losaoneka," anayankha amayi. "Suja walemba wekha?"

Ana anaseka mpaka makatoni anagwedera.

Amayi anakhala pafupi ndi Tionge. Mawondo awo anagunda mpando wakutsogolo. Ramsey anayang'ana kutsogolo. Anayang'ana kumbuyo.

"Chadzaza."

Zeinabu anagwira chiwongolero zolimba. Ana onse anawerenga pamodzi.

"Zisanu. Zinayi. Zitatu. Ziwiri. Chimodzi."

Ramsey anamenya denga kawiri. Pha, pha.

"Tiyeni, adalaivala!"

"Vuuuu," inalira injini m'kamwa mwa Zeinabu. Ana anaponda jombo pansi. Di, di, di. Chombo chonse chinanjenjemera. Michiru Wani inanyamuka.

"Taonani pansi," anatero Ramsey. "Chilomoni uyo, wachepa ngati bokosi la machesi. Phiri la Ndirande ilo, ngati chulu. Tadutsa mitambo. Samalani, kutsogolo kuli miyala youluka."

Zeinabu anakhotera kumanzere. Onse anapendekera kumanzere. Anakhotera kumanja. Onse anapendekera kumanja.

"Pang'onopang'ono, adalaivala," anatero amayi. "Mwanyamula ana a eni."

Dzanja lawo limodzi linagwira mpando. Lina linagwira sokosi la Tionge.

Tionge anawayang'ana kudzera pa mazenera a chisoti chake.

"Amayi, mukuopa?"

"Pang'ono."

Tionge anafinya dzanja lawo.

"Mukupuma?"

"Ndikupuma."

"Mukundiona?"

"Ndikukuona."

"Ndiye musaope. Dokotala ali pompano."

Amayi anaseka m'chisoti chawo chachikulu. Anasiya kugwira mpando. Analoza kutsogolo.

"Adalaivala, tawonjezani moto. Dziko Lofiira lisatithawe."