Nkhope ya Jenifa M'munda wa Mpunga

Tsiku limene Makisoni anafika koyamba pakhonde la Jenifa ku Jali, anamupeza zala zili bii ndi inki, misozi ili lengelenge.

Jenifa anali ndi laputopu ndi kapulinta kosindikiza chithunzi pamwamba pa chimbale. Kwaya ya amayi a kutchalitchi kwawo inali itajambulitsa nyimbo, ndipo inamupatsa iye ntchito yoziika pa zimbale, chithunzi cha amayiwo chili pamwamba. Koma zimbale zoyera, zija zimamwa inki, ku Zomba mtengo wake unali wothawitsa munthu. Jenifa anangogula zonyezimira zotchipa zapamsika. Inki inakana kuuma! Ukangokhudza, nkhope ya mayi wapampando inkasanduka matope.

"Odi achemwali," anatero mnyamata wamtali atatsamiritsa njinga pamtengo wa mango. "Ndamva kuti muli ndi zimbale zotaya."

"Ndiye mwabwera kudzandiseka?"

"Ayi, ndabwera kudzapempha. Ndine Makisoni, ndimalima mpunga ku minda yothirira ya sikimu ya Likangala. Wayamba kumasula, posachedwa mpheta zifika. Zimbale zonyezimirazi tikazimangirira pa chingwe, zikamathwanima ndi dzuwa, mbalame zimaopa."

Jenifa anaseka asanafune. Zimbale zomuliza iye, wina akuziona ngati chuma!

"Tengani zonse, ndisazionenso."

"Nanga inu mukufuna zotani?"

"Zoyera pamwamba, zokhakhala pang'ono ngati pepala. Koma zotchipa kulibe, musadzivute."

"Mundipatse nambala, ndikaziona ndikuuzeni."

Ankafunadi zimbale mnyamatayu, kapena mwini wake? Jenifa anadzifunsa funsolo, koma nambala anapereka.

Sabata yomweyo Makisoni anakwera lole ya anzake yopita ndi mpunga wachaka chatha ku Limbe. Atatsitsa matumba anayamba kulowa sitolo ndi sitolo, akusisita chimbale chilichonse ndi chala ngati mayi wosankha nsalu. Ena ankamuseka. "Achimwene, masiku ano ndani akufuna zimbale? Anthu ali pa memore khadi!" Iye sanatope. Dzuwa litapendeka anapeza kasitolo ka mabuku ndi zolembera, komwe bambo wina wachikulire anatulutsa mpukutu wa zimbale pansi pa shelefu, fumbi lili mbuu. Bamboyo anasangalala kuti zapeza mwini, moti anangotchula mtengo wotaya.

Foni ya Jenifa inalira, uthenga utalowa.

"Ndazipeza Jeni! Zoyera ngati mano ako."

"Mano anga munawaona liti?"

"Tsiku lija unaseka usanafune. Chiyambire pomwepo sindigona bwino, duwa langa."

Jenifa anawerenga uthengawo kanayi, kenako anabisa foni pansi pa pilo ngati wina amulanda.

Zimbale za kwaya zinatuluka mochititsa kaso, inki itauma gwa, mayi aliyense akudziloza pachithunzi. Dzina la Jenifa linamveka mpaka ku Kachulu. Ndipo njinga ya Makisoni inazolowera mtengo wa mango uja, moti ngakhale mwini wake akanagona panjira, yokha ikanafika.

Pa zimbale zoyerazo panatsala chimodzi. Jenifa anavala chitenje chake chatsopano, anadzijambula, nasindikiza nkhope yake pachimbalecho. M'munsi analemba kuti, "Wako mpaka kalekale." M'kati anaikamo nyimbo zachikondi zimene anasankha masiku atatu.

Makisoni anachilandira ndi manja awiri.

"Jeni wanga, wapamtima wanga, ichi sichidzachoka pamaso panga. Ndalumbira."

Kenako mpunga unayamba kukhwima, mpheta zinafika. Amene analimapo ku Likangala amadziwa: nyengo imeneyo mlimi sadwala, sapita kumsika, ngakhale kutchalitchi amangotumiza moni. Amalowa m'munda kusanache, amatuluka kutada, chifukwa ukangochokapo theka la tsiku mbalame zimakukololera. Njinga inasiya kubwera. Mauthenga okha ndiwo ankafika.

"Ndakusowa, shuga wanga. Koma ndikukuona tsiku lonse."

Jenifa ankamwetulira, akuti ndi mawu chabe a anthu okondana.

Lachinayi lina kunabwera Sauda, mnzake wogulitsa matemba, amene ankadutsa ku sikimu pochokera kunyanja. Anatsitsa dengu lake, nayamba kuyang'ana kumbali.

"Iwe Sauda, wamezanji?"

"Aise, usandide. Chimbale chija unandionetsa chija... chili pa chingwe ku Likangala."

"Chingwe chanji?"

"Cha mbalame. Amayi a kusikimu akuti mpheta za chaka chino zikuthawa nkhope ya Jenifa. Akuseka mpaka kugwira nthiti."

Jenifa sanakhulupirire. Anabwereka njinga ya Sauda napalasa yekha mpaka kusikimu, naima m'mbali mwa ngalande.

Zinali zoona! Pafupi ndi kamsasa ka Makisoni, pa chingwe chomwecho chimene panali zimbale zotaya zija, chimbale chake chinali kuzungulira ndi mphepo. Mame anali atasungunula inki, mizere yakuda itatsika m'masaya. Mawu aja "mpaka kalekale" sankawerengekanso. Makisoni anali kutsidya kwa munda akumenya chitini, osadziwa kanthu.

Chitenje chatsopano chija, nyimbo za masiku atatu zija, zonsezo kuti akhale choopsezera mbalame? Jenifa anabwerera akulira njira yonse. Atafika analemba uthenga umodzi.

"Ndaona pamene mwandiika, a Makisoni. Zikomo kwambiri. Musandiimbirenso."

Foni inalira kakhumi. Iye anaizimitsa.

M'mawa mwake, dzuwa litangokwera pang'ono, njinga inaima pamtengo wa mango. Makisoni anali thukuta kamukamu, matope mpaka m'mawondo.

"Jeni."

"Dzina langa ndi Jenifa."

"Jenifa, ndimvereko kamodzi, kenako undithamangitse. Kwathu kulibe choimbira chimbale. Ndinachita manyazi kukuuza tsiku lija, unali utasangalala kwambiri. Nyimbo zako sindinazimve ngakhale imodzi."

Zimenezo Jenifa sanaziganizepo.

"Ndikanachiika m'sutikesi, ndikanachiona nthawi yanji? Ndimatuluka kuli mdima, ndimabwera kuli mdima. Ndiye ndinachimangirira pamene ndimakhala. Mphepo ikachitembenuza, kuwala kumapita kwa mbalame, nkhope imabwera kwa ine. Ndimalankhula nacho, Jeni. Za mame sindinadziwe, ndinkayesa inkiyo yauma basi."

"Anthu andiseka sikimu yonse! Mukudziwa kuwawa kwake?"

"Ndalakwa. Ndinaganiza za maso anga okha, osaganiza za anthu odutsa. Pepa."

Ukali unali udakalipo, koma unali utayamba kuchepa mphamvu. Jenifa anamuyang'ana bwinobwino: maso ofiira, mawu osasa chifukwa chokuwa tsiku ndi tsiku. Kenako anayang'ana dzuwa, ndipo china chake chinamulasa mumtima.

"Dikirani kaye. Inu muli kuno. Kumunda kuli ndani?"

"Kulibe."

"Kulibe? Nthawi ino?"

"Aliyense ali pa wake, ndani angandionere?" Makisoni anaweramitsa mutu. "Mpunga umenewo ndimati ndikakolola, amalume abwere kwanu adzaonane ndi amalume ako. Tsono ngati wandikana, ndiulondere chiyani? Mbalamezo zidye."

Mayo ine! Munthu kusiya thukuta la miyezi inayi kuti mpheta zichitepo phwando, chifukwa cha uthenga umodzi? Uchitsiru wake unali waukulu, koma Jenifa anali asanakondedwepo chonchi, ndipo anadziwa zimenezo.

Anakoka chitseko, nakhoma loko, nalumphira pakaliyala.

"Palasa!"

"Tikupita kuti?"

"Iwe Makisoni, palasa! Ukufuna amalume ako adzabwere ndi mankhusu?"

Njinga inauluka. Nkhuku zinabalalika, amayi ochokera kumjigo anapatuka akukalipa, Jenifa atagwira malaya amatope aja osasamala. Atafika anapeza mpheta zili bii pamunda, ngala za m'mphepete zitayera kale.

"Haaa! Chokani! Haaa!" Jenifa anavula nsapato, natola chitini, nalowa m'matope akumenya ndi mphamvu zake zonse. Mbalame zinadzuka ngati utsi.

Amayi a m'minda yoyandikana anaimirira kuonerera. Mmodzi anakuwa, "Eee, lero wabwera mwini wake!" Onse anaseka, ndipo Jenifa, m'malo molira, anapezeka akuseka nawo.

Atapuma, anayenda m'mphepete mwa munda kuona zimene zawonongeka. Mbali ya kungalande inali itapita, koma wambiri unatsala. Makisoni ankamutsata pambuyo, akuopa kulankhula.

"Jeni... ndiye ndikawauze chiyani amalume?"

Jenifa anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, osamuyang'ana, kuti asaone kuti akumwetulira.

"Ukawauze abwere ukangokolola. Koma akadzafunsa kuti mpunga wa kungalandeko unapita kuti, udzayankhe wekha. Tenga chitini china, zikubweranso izo!"