Pakamwa pa Longololo

Uyu ndi Kachiwala. Dzinali anamupatsa ndi Amayi. Mwana ameneyu sadziwa kuyenda. Amangodumpha. Dumphu apa! Dumphu apo!

Kachiwala akufuna chinthu chimodzi. Kusukulu kukubwera sewero la zidole. Iye akufuna kukaseweretsa chidole chake.

Koma pali vuto. Kachiwala ali ndi matenda a m'magazi. Anabadwa nawo. Matendawa sapatsirana. Koma samusiya. Masiku ena mafupa amamuwawa. Nthawi zina pang'ono. Nthawi zina kwambiri.

Akangoti "Mayo!" nyumba yonse imagwedezeka. Amayi amasiya mbale. Bambo amasiya makina osokera.

"Gona! Funda! Kusukulu ayi! Panja ayi!"

Amamukonda, inde. Koma abale, samufunsa n'komwe! Kachiwala anatopa nalo bedi. Ndiye anaphunzira mawu awiri.

"Wadzuka bwanji, mwanangu?"

"Ndili bwino."

"Mwendo bwanji?"

"Ndili bwino."

Bambo ake ndi telala. Pansi pa tebulo lawo pali dengu la zigamba. Tsiku lina Kachiwala anafufuzamo. Anapezamo sokosi yachikasu. Inalibe inzake. Inali yong'ambika kutsogolo.

Kachiwala analowetsamo dzanja. Anatambasula zala. Bowo lija linayasama.

"Aa! Pakamwatu apa!" anatero Kachiwala.

Anasokerera mabatani awiri. Lina lalikulu, lina laling'ono. Amenewo ndiwo maso. Anamanga ulusi wakuda pamwamba. Limenelo ndilo tsitsi.

Chidolecho chinayamba kulankhula. Chinalankhula za mphaka. Chinalankhula za aphunzitsi. Chinalankhula osapuma. Kachiwala anachitcha Longololo.

Longololo sankadziwa kubisa. Kuchipinda ankanena zonse.

"Bondo likuwawa," ankatero Longololo.

"Khala chete iwe! Amva!" ankatero Kachiwala.

"Ine pakamwa panga n'potsegula. Nditani?"

Kachiwala ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

Tsiku la sewero linayandikira. Linali mawa lake. Masana Amayi anaitana.

"Kachiwala! Tabwera udzamwe mankhwala!"

Kachiwala anavula Longololo mwaphuma. Sokosi inatembenuzika. Maso analowa m'kati. Tsitsi linalowa m'kati. Anaisiya pampando, n'kuthamanga.

Posakhalitsa Bambo anadutsa pomwepo. Anaona sokosi yong'ambika. Tsono telala ndi bowo sagwirizana. Telala akaona bowo, zala zimamuyabwa.

"Mwana wa telala avale chong'ambika? Manyazi amenewa!" anatero Bambo.

Anatenga singano. Anatenga ulusi. Soke, soke, soke! Bowo lonse linatsekeka. Bambo anamwetulira. Anabwerera ku makina akuimba likhweru.

Kachiwala anabwera. Anatembenuza sokosi. Analowetsa dzanja.

"Longololo, tiye tiyeseze sewero."

Zii.

"Longololo?"

"Mmm! Mmm!"

Kalanga ine! Pakamwa panalibe. Kachiwala anamva chisoni. Anakwiyanso. Bondo nalo linali kuwawa. Anapita kwa Bambo pang'onopang'ono. Lero sanadumphe.

Tchekete, tchekete, makina anali kulira.

"Bambo, taonani."

Bambo anaimitsa makina. Anaona maso awiri a mabatani. Maso aja anali kuwayang'ana.

"Amenewanso ndani?"

"Ndi Longololo. Mwamusoka pakamwa."

"Mmm! Mmm!" anatero Longololo.

Bambo anagwira mutu. Amayi anasuzumira pakhomo. Anaseka mpaka misozi.

"Abambo ake, mwayamba kusoka alendo pakamwa?"

"Ine ndimati ndikuthandiza," anatero Bambo.

"Munafunsa?" anatero Kachiwala.

Bambo anakanda m'mutu. "Ayi, mwanangu. Sindinafunse."

Bambo anatenga kasizasi. Anagwada patsogolo pa Longololo.

"Pepani, a Longololo. Musagwedezeke."

Anadula ulusi umodzi. Pakamwa panatseguka pang'ono.

"Bo..." anatero Longololo.

Anadula wina.

"Bondo..."

Kachiwala anayang'ana Longololo. Anene? Asanene? Akanena, mawa agona pabedi. Sewero limudutsa.

Bambo anadula ulusi womaliza. Pakamwa panayasama. Ndipo paja Longololo sadziwa kubisa.

"Bondo la Kachiwala likuwawa!"

Amayi anasiya kuseka. Bambo anadzuka msanga.

"Bulangete lili kuti? Gona! Fu..."

"Dikirani kaye!" anakuwa Longololo. "Mwayambanso kusoka osafunsa!"

Bambo anaima. Amayi anaima.

"Kachiwala amaopa kunena," anatero Longololo. "Akanena, mumamugoneka. Anzake amasewera. Iye amangoona denga. Ndiye amati, 'Ndili bwino.' Koma ndi bodza."

Amayi anakhala pansi. Maso awo anadzaza misozi. Zinawakhudza kwambiri. Anayang'ana Longololo.

"Nanga tizitani, a Longololo? Ifetu timachita mantha."

"Muzifunsa," anatero Longololo. "Ululu ulipo pawiri. Waung'ono ndi waukulu."

"Waung'ono umafuna chiyani?"

"Madzi akumwa. Mankhwala. Nsalu yofunda. Kupuma pang'ono. Kenako kusewera."

"Nanga waukulu?"

"Waukulu ndi wa kuchipatala. Thupi likatentha, n'kuchipatalanso. Anatero anamwino."

"Anaterodi," anavomera Amayi.

Tsopano Amayi anayang'ana Kachiwala.

"Mwanangu, walero ndi uti? Waung'ono kapena waukulu?"

Kachiwala anatsitsa Longololo. Anayankha ndi pakamwa pake.

"Waung'ono, Amayi."

"Ukakula udzanena?"

"Ndidzanena. Sindidzabisanso."

Amayi anagwira chipumi chake. Sichinali kutentha. Anabweretsa madzi. Anabweretsa nsalu yofunda. Kachiwala anapuma pampando, osati pabedi.

Bambo nawo sanakhale chabe. Anapinda milomo ya Longololo bwinobwino. Anamusokera lilime lofiira. Koma poyamba anafunsa.

"A Longololo, lilime mulifuna?"

"Lalitali!" anatero Longololo.

Kutacha, Amayi anafunsanso.

"Waung'ono kapena waukulu?"

"Waung'ono kwambiri!"

Kachiwala anapita kusukulu. Ananyamula botolo la madzi. Ananyamula Longololo. Amayi ndi Bambo anakhala kumbuyo kwa kalasi.

Kachiwala anabisala kuseri kwa tebulo. Longololo anatulukira pamwamba. Anasimba za telala wosoka alendo pakamwa. Ana anaseka. Aphunzitsi anaseka. Bambo anabisa nkhope m'chipewa.

Longololo anasimbanso za ululu waung'ono ndi waukulu.

"Kodi tingatengere matendawo?" anafunsa mtsikana wina.

"Ayi," anatero Longololo. "Mungatengere kulongolola kokha."

Ana anaomba m'manja. Phu! Phu! Phu! Kachiwala anasangalala kwambiri.

Madzulo Bambo anadzuka pa makina. Anagwira msana. Anakwinya nkhope.

"Mwatani, abambo ake?" anafunsa Amayi.

"Ndili bwino," anatero Bambo.

Longololo anasuzumira kuseri kwa mpando.

"Ii, bodzatu limenelo timalidziwa! Waung'ono kapena waukulu?"

Bambo anaseka. "Waung'ono, a Longololo."

Kachiwala anabweretsa madzi. Amayi anabweretsa nsalu yofunda. Bambo anakhala pansi. Anavula nsapato.

Eee! Chala chachikulu chinatulukira pa sokosi!

Bambo anatenga singano. Kenako anaima. Anakweza phazi m'mwamba.

"Kachiwala, ndifunse kaye. Ili ndi bowo kapena pakamwa?"

"Pakamwa!" anakuwa Kachiwala. "Longololo wapeza mnzake!"