Amos Akukana Bere

Dailesi anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ku Atteridgeville, m'mbali mwa mzinda wa Pretoria. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti mlongo wake Amos ayamwe.

Amos anali khanda la masiku asanu. Amayi akamupatsa bere, ankaligwira pang'ono n'kulitaya. Kenako ankalira. M'mawa ankalira. Masana ankalira. Mawu ake anayamba kuchepa. Mabere a Amayi anatupa ndipo ankawawa. Dailesi anachita mantha.

Lamlungu Abambo anabwera. Iwo ankagwira ntchito ya m'gadeni ku Brooklyn, dera la azungu mu Pretoria momwemo. Kunyumba ankabwera Lamlungu lokha. Ananyamula Amos. Mwanayo anali wopepuka ngati kabuledi.

"Mwana wa adona anavutanso chonchi," anatero Abambo. "Kunabwera namwino pa galimoto. Anakhala nawo mpaka mwana anayamwa."

"Ndiye timuitane namwinoyo!" anatero Dailesi.

Abambo anapukusa mutu. "Galimoto imeneyo sifika kuno, mwana wanga. Imapita kwa azungu okha."

"Chifukwa chiyani? Kodi Amos si mwana?"

Abambo anabwezera Amos kwa Amayi. Lamulo la masiku amenewo linali loipa. Linkasankha anthu poona khungu. Ngakhale makanda linkawasankha.

Lolemba Dailesi sanapite kusukulu. Anaperekeza Amayi ku kiliniki ya m'lokeshoni. Mzere unali wautali. Azimayi anali ambiri. Makanda anali ambiri. Koma namwino anali mmodzi yekha, Sisita Emmie.

Anadikira. Dzuwa linakwera. Anadikirabe. Kenako nthawi yawo inakwana.

Sisita Emmie anali atatopa. Analankhula msangamsanga m'Chipedi, chinenero cha kumeneko. Amayi anali asanakhalitse ku Joni. Kwawo kunali ku Ntcheu. Chipedi sankachimva. Koma anali munthu waulemu kwambiri.

"Inde," anatero Amayi, akugwedeza mutu.

Sisita analankhulanso.

"Inde," anateronso Amayi.

Inde, inde, pomwe sanamve ngakhale liwu limodzi!

Sisita anaitana mayi wotsatira. Amayi anaimirira. Anakulunga Amos m'shawelo kuti azipita.

Dailesi ankamva Chipedi. Anachiphunzira kusukulu. Koma kwawo anamuphunzitsa kuti mwana sadula akulu pakamwa. Anayang'ana Amayi. Anayang'ana Amos. Milomo ya Amos inali youma.

"Sisita," anatero Dailesi m'Chipedi. "Amayi anga sanamve chilichonse."

Amayi anamugwira mkono. "Iwe Dailesi, wawauza chiyani?"

"Ndawauza zoona, Amayi. Si inu nomwe mumati safunsa adadya phula?"

Amayi anawerama ndi manyazi. Sisita Emmie anayang'ana mzere wautali uja. Kenako anatsegula shawelo n'kuyang'ana Amos.

"Eish," anatero Sisita. Anakoka mpando. "Amayi ako akhale apa. Iwe ima pafupi nane. Ine ndizinena, iwe uziwauza."

Sisita analankhula pang'onopang'ono. Dailesi anamvetsera ndi makutu onse awiri.

"Amayi, akuti mufinye mkaka pang'ono kuti bere lifewe."

Amayi anafinya.

"Akuti mimba ya Amos ikhudze mimba yanu."

Amayi anamutembenuza.

"Akuti mudikire ayasamule kwambiri. Asagwire nsonga yokha. Agwire bere lambiri."

Amos anayasamula. Anagwira, n'kutaya. Anayesanso. Anagwira, n'kutaya. Misozi inalengeza m'maso mwa Amayi.

Sisita anaika dzanja paphewa la Amayi. Analankhula motsitsa mawu.

"Amayi," anatero Dailesi, "akuti simunalakwe ndinu. Akuti ana ambiri amayamba chonchi. Akuti tiyesenso."

Anayesanso. Sisita anachirikiza khosi la Amos. Amos anayasamula kwambiri. Anagwira. Ulendo uno sanataye. Masaya ake anayamba kusuntha. Dailesi anatchera khutu. Anamva Amos akumeza!

"Sakundipweteka," anatero Amayi modabwa. "Uwauze kuti sakundipweteka. Uwauze kuti zikomo."

Dailesi anawauza. Sisita Emmie anamwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Akuti mubwerenso Lachinayi," anatero Dailesi. "Akuti nanenso ndibwere ndikaweruka kusukulu. Ndipo akuti musamanene inde musanamve!"

Amayi anaseka, misozi ili m'masaya.

Lamlungu lotsatira Abambo anafika. Anaima pakhomo. Sanamve mwana akulira. Nyumba inali zii. Abambo anavula chipewa. Anaganiza kuti mwina Amos wamwalira. Anaopa kugogoda. Anaopa kulowa.

Dailesi anawaona pawindo. Anatsegula chitseko, chala chili pamlomo.

"Lowani mwakachetechete, Abambo," ananong'ona. "Amos ali pa bere. Musamusokoneze."

Abambo analowa monyang'ama. Anakhala pansi pafupi ndi Amayi. Dailesi anatsamira paphewa lawo. Onse atatu anangomvetsera Amos akumeza.